KUMBUYO KULIBE MASO: MAGALASI A GALIMOTO NDI NJINGA ZOKOKA NGOLO

Munthu amene wakhala pa benchi ya chipatala cha m'mphepete mwa mseu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, akudikira kuti dzina lake liitanidwe, amaona magalimoto a mitundumitundu akudutsa. Ena ndi malole okoka ngolo zazitali. Ena ndi a alendo opita kukapuma kunyanja, ku Nkopola kapena kwa Chembe kumene alendowo amati ku Cape Maclear, ndipo kumbuyo kwao amakoka boti kapena kanyumba koyenda pa matayala kamene kamatchedwa kalavani. Mukayang'anitsitsa muona kuti ena mwa magalimoto otere ali ndi magalasi awiri oonjezera, otulukira kunja ngati nyanga za ng'ombe. Magalasi amenewa sanaikidwe kuti akometse galimoto ai. Alipo chifukwa cha inu amene mumayenda pansi kapena panjinga m'mbali mwa mseu womwewo.

Mwina wina afunsa kuti, kodi nkhani ya magalasi a galimoto ikufunanji pakati pa nkhani za malungo ndi katemera? Wofunsayo akangolowa m'chipinda cha othyoka mafupa pa chipatala chachikulu cha boma adzaona yekha. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka ndi chaka, ndiponso kuti oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Awa ndi anthu amene alibe chitsulo chowatchinjiriza, ndipo ndiwo amene amasowa m'galasi la woyendetsa.

Chimene woyendetsa amaona

Galimoto yaing'ono imakhala ndi magalasi atatu oonera m'mbuyo, amene ena amawatcha akalilole: lina m'kati pamwamba pa chiwongolero, ndi awiri m'mbali mwa zitseko. Ikangomangirira ngolo yaitali msinkhu kumbuyo kwake, galasi lam'kati lija latha ntchito, pakuti limangoonetsa khoma la ngoloyo. Otsala ndi awiri am'mbali. Koma awiriwa anaikidwa molingana ndi kukula kwa galimoto yokha. Galimoto zambiri zing'onozing'ono m'mimba mwake ndi mamita osakwana 2, pamene kalavani imatha kufika mamita 2.3 kapena 2.5. Ndiye kuti ngoloyo imatulukira kunja mbali zonse ziwiri, ndipo woyendetsa akayang'ana m'galasi amaona ngodya ya katundu wake yemwe m'malo moona mseu. Amafanana ndi munthu wosenza mtolo waukulu wa udzu paphewa: akati acheuke, maso ake amangokumana ndi udzu.

Nchifukwa chake anapanga magalasi apadera okokera ngolo. Awa amamangiriridwa pa magalasi akale aja ndi zomangira zachitsulo kapena malamba, ndipo amatulukira kunja kufikira atapyola m'mbali mwa ngolo. Ku Britain, kumene anthu ambiri amakoka makalavani, lamulo limafuna kuti wokoka athe kuona malo otambalala mamita 4 kuchokera m'mbali mwa ngolo pa mtunda wa mamita 20 kumbuyo kwake. Muyeso umenewu ngwothandiza ngakhale kwathu kuno, chifukwa aliyense angathe kuuyesa ndi mapazi ake.

Magalasiwa alipo a mitundu iwiri. Lina ndi lathyathyathya ngati loonera nkhope m'nyumba. Ili limanena zoona za mtunda, koma limaonetsa malo ochepa. Lina ndi lotukuka pakati ngati msana wa supuni. Ili limaonetsa malo ambiri, koma limachepetsa zinthu, kotero kuti munthu wa panjinga amene ali pafupi amaoneka ngati akali kutali. Woyendetsa amene sanazolowere galasi lotukuka amabwerera msanga kumbali yake atangopitirira njinga, akumayesa kuti waisiya patali, chonsecho mchira wa ngolo yake ukali pafupi ndi chigongono cha wokwerayo.

Kwa oyendetsa tinganene mwachidule. Konzani magalasi galimoto itaima pamalo osatsetsereka, ngolo itawongoka kumbuyo, inu mutakhala pa mpando wanu. M'galasi muzioneka kambali kochepa chabe ka ngolo pamodzi ndi tayala lake, ndipo malo ena onse akhale a mseu. Miseu yafumbi ndi yamabampu imamasula zomangira, choncho imani ndi kuziona mutayenda pang'ono, ndipo pukutani fumbi, makamaka m'miyezi ya September ndi October. Mukamasula ngolo chotsaninso magalasi oonjezerawo. Galasi lotulukira kunja popanda chifukwa lingathe kumenya phewa la mai woyenda m'mbali mwa mseu, kapena mutu wa mwana amene wam'bereka.

Mbali ya kumanzere

M'dziko lathu magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu, ndipo woyendetsa amakhala ku dzanja lamanja la galimoto. Tanthauzo lake nlakuti mbali imene ili kutali ndi maso ake ndiyo imene yayandikira anthu a m'mphepete mwa mseu. Pa lole yaikulu, munthu woima pafupi ndi chitseko chakumanzere, kapena kutsogolo penipeni pafupi ndi mphuno ya lole, saoneka konse ngakhale magalasi atakhala abwino. Pali njira imodzi yosavuta yodziwira ngati mwaonedwa. Yang'anani m'galasi la loleyo. Ngati simukuona nkhope ya woyendetsa, dziwani kuti iyenso sakukuonani.

Chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa ndi mayendedwe a ngolo pokhota. Matayala a ngolo saponda m'mene aponda matayala akutsogolo. Amadulira m'kati mwa ngodya, ndipo ngolo ikatalika kudulirako kumakulanso. Malole ena okoka ngolo ziwiri, onga amene amaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, amatalika mpaka mamita 22. Lole yotere ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yapatukira kumanja kuti ipeze malo. Pamenepo kumanzere kwake kumatseguka mpata, ndipo wa kabaza wofulumira amati mwayi ndi uwu, nalowamo. Posachedwa mutu wa lole umakhota, mpata uja nutsekeka, ndipo matayala a ngolo amadza molunjika pamene iye ali. Woyendetsa nthawi imeneyo sangamuone, chifukwa mutu wa lole ukakhota galasi lakumanzere limangoonetsa nthiti za ngolo. Pa mphambano za pa boma ndiponso m'makhonde okhotakhota a phiri la Chowe, isiyeni lole imalize kukhota inu muli kumbuyo.

Palinso ngozi ina imene imagwera okwera njinga olemedwa ndi madengu a usipa kapena matumba a makala. Akamva hutala amatsika pa tala, ndipo achita bwino. Koma mutu wa galimoto ukangodutsa amabwerera msanga pa tala, osadziwa kuti m'mbuyo mukudza ngolo, imenenso ili yotambalala kuposa galimoto yoikoka. Dikirani mpaka muone mchira weniweni. Kumbukiraninso kuti dengu limene lili pa kaliyala latulukira kunja kuposa mapewa anu, ndipo mphepo ya lole yothamanga imakankha katundu wotere ndi kupotoza chiwongolero.

Oyenda pansi aziyenda ku dzanja lamanja la mseu, moyang'anizana ndi magalimoto amene akubwera. Mukatero mumakhalabe kumanzere kwa woyendetsayo, komabe maso anu amaona chimene chikudza, ndipo simudalira galasi la munthu wina.

Za ana tiyenera kunena mosabisa. M'madera a minda ikuluikulu ya fodya, monga cha ku Namwera, thirakitala yokoka ngolo imayenda pang'onopang'ono, ndipo ana amakonda kuithamangira ndi kulendewera kumbuyo. Ena amakhala pa chitsulo cholumikiza thirakitala ndi ngolo. Malo amenewo ndiwo oipa koposa onse, pakuti wogwa pamenepo amagwera kutsogolo kwa tayala la ngolo, ndipo phokoso la injini limameza kulira kwake. Akulu omwe, pa tsiku la msika, asadutse pakati pa galimoto ndi ngolo yake ngakhale zitaima. Ndipo galimoto yokoka ngolo ikamabwerera m'mbuyo, wothandiza aime pamene woyendetsa akumuona m'galasi, osati kumbuyo kwenikweni. Wothandizayo akasowa m'galasi, woyendetsa aime pomwepo.

Njinga ya ambulansi

Tsono tifike pa ngolo imene ili yathuyathu. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000, zipatala zing'onozing'ono za Makanjira, Mase ndi Phirilongwe zinalandira njinga zamoto za ambulansi zonyamulira amai apakati kupita nao ku chipatala chachikulu. Pa njinga zimenezo wodwala ankagona pa bedi lomangidwa pambali, pamene woyendetsa angathe kumuona. Koma m'midzi yambiri chimene chimapezeka ndi njinga yakapalasa yokoka kangolo ka matayala awiri, kokhala ndi machira ndi chotchinga dzuwa. Pa njinga iyi wodwala ali kumbuyo, ndipo wopalasa ali ndi vuto lomwe lija la mlendo wokoka kalavani.

Kangoloko nkotambalala kuposa njinga. Tayala lake lakumanja limayenda m'kati mwa mseu kuposa pamene wopalasa akuganizira, ndipo lakumanzere lingathe kugwera pa mphepete ya tala pamene madzi anakukuta, ngolo nkupendekeka pamodzi ndi wodwala. Wopalasa akacheuka amaona chotchinga dzuwa chija, ndiponso pocheukapo manja amatsata mutu, njinga nkupatukira kumanja kumene kuli magalimoto. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Galimoto imene inali kutali ngati utali wa bwalo la mpira imakhala itafika pasanathe masekondi 5.

Mankhwala ake ndi galasi la njinga, limene limagulitsidwa m'misika momwe mumagulitsidwa machubu ndi masipoko. Anyamata ambiri amaliika pa njinga zao kuti azioneramo tsitsi. Pa ambulansi liikidwe ku chiwongolero chakumanja, pa mwendo wautali woti lipyole m'mbali mwa kangolo ndi chotchinga chake. Galasi lachiwiri kumanzere limathandiza kuona pamene tayala likuponda. Kumbuyo kwa kangolo kukhale zonyezimira zofiira, pakuti maulendo ambiri a amai oyembekezera amachitika usiku kapena m'bandakucha, ndipo woyendetsa galimoto akaona tochi imodzi amayesa kuti ndi njinga wamba yopyapyala.

Komatu galasi silingaonetse nkhope ya wodwala amene wagona pansi pa chotchinga. Mai angathe kuyamba kutaya magazi kapena kukomoka ndi kuphupha wopalasa osadziwa kanthu, ali kalikiliki kulimbana ndi mchenga. Choncho ambulansi ya njinga isanyamuke ndi munthu mmodzi. Wodikirira wodwala azitsatira m'mbuyo, pa njinga ina kapena pansi, maso ake ali pa wodwala, ndipo agwirizane ndi wopalasa mau amodzi oimitsira ulendo. Pa malo otsetsereka kulemera kwa wodwala kumakankha njinga kuchokera kumbuyo, ndipo mabuleki a njinga wamba sanapangidwire katundu wotero. Tsikani, wina agwire chiwongolero, wina agwire kangolo. Pokhota tengani ngodya motambalala, pokumbukira kuti matayala a kangolo nawonso amadulira m'kati monga a lole aja.

Tisaiwale kuti galasi limagwira ntchito ndi diso. Ng'ala ndiponso matenda a shuga zimachepetsa kuona pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira, ndipo munthu amayamba kuvutika ndi nyali za magalimoto usiku. Woyendetsa galimoto, thirakitala kapena njinga amene akuona ngati pali nkhungu apite ku chipatala akayezetse maso. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ena amangofunika mandala. Amene wamwa mowa asapatsidwe ambulansi ya mudzi, ngakhale atakhala mbale wa wodwalayo.

Ngati m'mudzi mwanu muli ambulansi ya njinga, pemphani a komiti ya zaumoyo pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo kuti muiyese tsiku lina pa bwalo la amfumu, pasanagwe matenda. Munthu mmodzi agone pa machira, chotchinga chitambasulidwe, wopalasa akhale pa chishalo mnzake atamugwirira njinga. Wina ayende mapazi akuluakulu 20 kuchokera kumbuyo kwa kangolo, kenaka apatuke mapazi 4 kumanja, akweze dzanja. Wopalasa anene, osacheuka, dzanja limene lakwezedwa. Akalephera, sunthani galasi kapena litalikitseni mwendo, ndipo muyesenso. Chitani chimodzimodzi ndi aliyense amene dzina lake lili pa mndandanda wa opalasa, chifukwa wamtali ndi wamfupi saona zofanana m'galasi limodzi.