Meda, Lima ndi Kilogalamu

Mwana wa ku Lundazi amafika m'kalasi ya physics akudziwa kale kuyeza. Pamsika waona chimanga chikugulitsidwa pa meda, ndipo kumunda wamva makolo akuwerenga malima. Ine ndimafuna aphunzitsi aziyambira pomwepo.

Meda imayeza malo amene mbewu yadzaza, osati kulemera kwake. N'chifukwa chake meda ya chimanga imalemera kuposa meda ya mtedza wosasenda. A Food Reserve Agency akamagula chimanga, amayeza pa sikelo matumba a makilogalamu 50, ndipo matumba 20 amakwana tani imodzi. Kilogalamu ndi yofanana ku Mwase, ku Chipata ndi ku Paris. Kuyambira mu 1889 inkadalira kachitsulo kosungidwa ku Sèvres, m'dziko la France, koma pa 20 May 2019 asayansi anaimangirira pa nambala yosasintha ya Planck. Kuno kwathu, oyang'anira masikelo ndi a Zambia Metrology Agency.

Nanga ka 10 kokhala ndi kanambala pamwamba, kamene kamaopsa ana? Kanambalako kamangotiuza kuti tichulukitse ndi 10 kangati. Lima ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, masikweya mita 2,500, timalemba 2.5 × 10³. Thumba lija ndi magalamu 5 × 10⁴. Kuwala kumayenda pafupifupi mamita 3 × 10⁸ pa sekondi, ndipo sindifuna mwana aziwerenga maziro 8 ndi chala pa mayeso.

Chimene sindilola ndi yankho lopanda muyezo. Mlimi sangavomere wogula atangonena kuti "50" osatchula kuti makilogalamu kapena makwacha.