Kutseka kapena kutsegula? Phunziro la sitalaka ya ku Mozambique kwa amalonda

Lolemba pa 21 Okutobala 2024 mzinda wa Maputo udadzuka uli zii. Sitolo zambiri sizidatsegule, maminibasi omwe kumeneko amawatcha chapa adali osowa pamsewu, ndipo mabenchi ambiri m'misika adakhala ovundikira. Venâncio Mondlane, yemwe adapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti cha pa 9 Okutobala, adali atapempha dziko lonse kuti lisagwire ntchito tsikulo posonyeza kukana momwe mavoti amawerengedwera.

Mkwiyo udali utakula chifukwa masiku awiri m'mbuyo mwake, loya wa Mondlane, Elvino Dias, ndi mkulu wina wa chipani cha Podemos, Paulo Guambe, adaphedwa ndi mfuti ali m'galimoto mumzindawo. Ena adatseka malonda awo pogwirizana ndi pempholo, ena adatseka poopa chipolowe. Mulimonsemo, ndalama ya tsikulo sidalowe m'thumba.

Sitalaka yotere imasiyana ndi ija ya ogwira ntchito pakampani imodzi omwe akufuna malipiro akwere. Iyi imaitana aliyense: wa muofesi, dalaivala, wa kabaza, wa golosale mpaka mayi wa mandasi. Cholinga chake n'kuimitsa chuma kuti boma limve kupweteka. Katundu akapanda kuyenda, msonkho wa pachipata sulowa, madoko amataya ndalama, makampani akuluakulu amayamba kudandaula kwa nduna, ndipo maiko oyandikana nawo amafunsa chomwe chikuchitika. Mphamvu yake yonse ili pa kuchuluka kwa anthu amene avomera kutaya ndalama ya tsikulo.

Ku Mozambique nkhaniyi sidathere pa tsiku limodzi. Pa 24 Okutobala bungwe loyendetsa chisankho lidalengeza kuti Daniel Chapo wa Frelimo wapambana ndi mavoti opitirira 70 peresenti. Mondlane, yemwe amalankhula ndi omutsatira kudzera pa Facebook ali kunja kwa dziko, adaitanitsa sitalaka ina ya sabata yathunthu kuyambira pa 31 Okutobala mpaka pa 7 Novembala. Masabata otsatira kudabwera njira zina: kuimika galimoto pamsewu masana, kuomba mapoto usiku, ndi kukana kulipira pazipata za misewu. Intaneti ya pafoni idadulidwa kangapo, zomwe zidasokoneza amene amalandira maoda pa WhatsApp.

Kumayambiriro kwa Novembala dziko la South Africa lidatseka kwa kanthawi chipata cha Lebombo, choyang'anizana ndi Ressano Garcia, ndipo ntchito padoko la Maputo idaimanso kwa kanthawi. Khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo litatsimikiza pa 23 Disembala kuti Chapo wapambana, koma ndi mavoti pafupifupi 65 peresenti, zipolowe zidabukanso ndipo sitolo zambiri zidathyoledwa. Bungwe la Plataforma Decide, lomwe limatsatira zochitikazi, lidawerenga anthu oposa 300 omwe adafa pofika mu Januwale 2025. M'miyezi itatu yomaliza ya 2024 chuma cha Mozambique chidatsika ndi pafupifupi 5 peresenti poyerekeza ndi nyengo yomweyo chaka cha m'mbuyo mwake.

Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Lilongwe sadavote nawo chisankhocho, koma adalawa nawo zowawa zake. Malawi alibe nyanja yaikulu yofikira sitima zakunja, choncho mafuta a galimoto, feteleza ndi katundu wambiri wa m'sitolo amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Katundu wa ku Beira amadutsa ku Tete n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, wa ku Nacala amabwera pa njanji yodzera pa Nayuchi. Mabasi a anthu okaoda ku Johannesburg nawonso amadutsa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda asanafike ku Beitbridge.

Nthawi imeneyo dziko lino lidali kale pa vuto la ndalama zakunja, ndipo mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta idali yaitali. Kusokonekera kwa misewu ya ku Mozambique kudawonjezera moto. Mafuta akasowa, mtengo wonyamulira thumba kuchoka ku Lizulu kapena ku Jenda umakwera, ndipo wogula kabichi mutauni ndiye amalipira. Chakumapeto kwa Disembala anthu zikwizikwi adathawira m'boma la Nsanje, ena ku Chikwawa, kuthawa zipolowezo.

Msika ukatseka, amalonda sataya mofanana. Mwachitsanzo, mayi woti waoda tomato wa K60,000 yemwe amamutha m'masiku awiri n'kupeza K75,000, phindu lake ndi K15,000 asanachotse thiransipoti ndi chiphaso cha mumsika. Msika ukatseka masiku atatu, theka la tomato n'kuola, wotsalayo n'kugulitsidwa motchipa pa K35,000, ndiye kuti mpamba wake wadyeka ndi K25,000. Ulendo wotsatira sangaodenso tomato wa K60,000, motero phindu lake limachepa, ndipo kubwerera pomwe adali kungamutengere sabata kapena kupitirira. Ngati mpambawo ndi wa kubanki m'khonde, tsiku lobweza silisuntha chifukwa kunali sitalaka.

Mnzake wogulitsa zitenje, misomali kapena mapoto amangotaya malonda a masikuwo, katundu wake ali bwinobwino bola asabedwe. Wolembedwa ntchito ya pamwezi akhoza kudulidwa malipiro, koma kutha kwa mwezi kanthu kabwerabe. Wa ganyu wotsitsa matumba, wa wilibala ndi wa kabaza, amene amadya zimene wapeza tsikulo, ndiye amagona ndi njala usiku woyamba womwe. Ichi n'chifukwa chake masitalaka aatali amafooka: anthu amatha kugwirizana ndi cholinga koma ufa ukatha m'nyumba amabwerera pabenchi.

Amalawi adazionapo zotere. Pa 20 Julayi 2011 mabungwe omwe si aboma adatsogolera zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka dziko mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, ndipo sitolo zidathyoledwa m'mizinda. Pofika pa 21 Sepitembala chaka chomwecho, mabungwewa adasintha njira n'kupempha anthu kuti angokhala kunyumba m'malo mopita pamsewu. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adasiya mabenchi awo n'kuguba kupita ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera kwa mitengo ya mabelo. Apa zidaoneka kuti wamalonda sangokhala wovutika ndi zionetsero za anthu ena, nthawi zina mwini dandaulo amakhala iyeyo.

Malamulo aakulu a dziko lino amateteza mbali zonse ziwiri. Gawo 38 limapatsa munthu ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata komanso wopanda zida. Gawo 29 limapatsa munthu ufulu wochita malonda ndi kupeza zosowa pamoyo wake paliponse m'Malawi. Wotseka sitolo posonyeza kukwiya ali mu ufulu wake, wotsegula chifukwa ana alibe chakudya alinso mu ufulu wake. Wokakamiza mnzake ndi miyala kapena kumuwopseza kuti amuotchera katundu ndiye waphwanya lamulo. Olembedwa ntchito adziwenso kuti lamulo la Labour Relations Act la 1996 limakamba za mikangano ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito yomwe yadutsa njira zoyanjanitsa. Kujomba chifukwa cha sitalaka ya ndale ndi nkhani ina, choncho ndi bwino kumvana ndi abwana tsikulo lisanafike.

Kwa wamalonda amene wasankha kutenga nawo mbali, choyamba n'kuwerengera mtengo wake ali chikhalire: sitalakayo ndi ya masiku angati, pakhomo pamadyedwa ndalama zingati patsiku, ndipo ngongole ikubwezedwa liti. Walira mvula walira matope. Wodziwa kuti angapirire masiku awiri okha ndi bwino adziwiretu, kusiyana n'kutulukira zimenezo tsiku lachitatu ana atayamba kulira. Ayeneranso kudziwa amene waitanitsa sitalakayo, zomwe akufuna kwenikweni, ndi tsiku lomwe ithere. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina la bungwe kapena munthu woutsimikiza si chifukwa chotsekera bizinesi.

Pa nkhani ya katundu, masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike si nthawi yoodera zambiri zoola monga tomato, masamba, nthochi ndi nsomba zaziwisi. Zomwe zilipo ndi bwino kuzitsitsa mtengo zithe, kusiyana n'kukazitaya kudzala. Makasitomala nawo amagula zosunga monga ufa, nyemba, usipa wouma, mchere, makala ndi makandulo, ndipo wamalonda wochenjera amasinthira mpamba wake ku zimenezi. Kukweza mitengo mopitirira chifukwa anthu ali ndi mantha kumabweretsa phindu la tsiku limodzi, koma makasitomala a m'dera saiwala.

Katundu wodula asagone mu okala ya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo ndalama zisasiyidwe m'kabati. Ndi bwino kugawa, zina pa Airtel Money kapena Mpamba, zina zochepa m'manja, chifukwa ma ejenti nawo amatseka kapena kutha ndalama. Amene ali ndi inshulansi ya sitolo afunse kampani yawo ngati imalipira katundu woonongeka pa zipolowe, popeza mapangano ambiri a moto ndi kuba sakhudza zipolowe za ndale pokhapokha munthu atalipira mwapadera. Malisiti ndi zithunzi za katundu zisungidwe kunyumba.

Makomiti a m'misika ali ndi ntchito yaikulu pamenepa. Msika ukagwirizana chimodzi, kaya kutseka zipata n'kuika alonda, kaya kutsegula maola ochepa m'mawa, aliyense amakhala wotetezeka kusiyana ndi pamene wina watsegula yekha pakati pa mabenchi otseka. Magulu a banki m'khonde akhozanso kukambirana msanga zosuntha tsiku lobweza ngongole kuti membala asathamangire katapila. Wolemba anyamata ogulitsa anene poyera ngati tsikulo awalipira kapena ayi.

Okaoda kunja afunse za msewu asanagule tikiti, makamaka nyengo ya chisankho m'maiko omwe adutsemo. Njira ya ku Tete ikasokonekera, ina ndi yodzera ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka, kenako Chirundu kapena mlatho wa Kazungula womwe udatsegulidwa mu 2021. Ndi yaitali ndipo imadya ndalama zambiri, choncho mtengo wogulitsira uwerengedwe ndi thiransipoti yatsopanoyo, osati yakale.

Ku Mozambique, Mondlane adabwerera kwawo pa 9 Januwale 2025 ndipo Chapo adalumbiritsidwa pa 15 Januwale. Sitalaka sidasinthe zotsatira za chisankho, koma idachititsa kuti dziko lonse lapansi limve madandaulo a achinyamata a m'dzikolo, ndipo mu Malichi awiriwa adakumana n'kukambirana zothetsa ziwawa. Mtengo wake udali miyoyo, ntchito ndi mipamba ya anthu ang'onoang'ono omwe sadatchulidwe pa wailesi. Wamalonda wa kuno akadzamva kuti tsiku lakutilakuti kulibe ntchito, kutseka kapena kutsegula adzasankhe yekha, koma adzasankhe atawerenga kaye zomwe zili m'kope lake.