KUGULA NDI KUSUNGA NDEGE YAKALE YA INJINI IMODZI

Ambiri a ife ndege timaidziwa poiona ikudutsa m'mitambo, kapena pamene taperekeza mbale wathu ku bwalo la Chileka. Komatu ku America, ku Britain ndi ku South Africa kuli anthu wamba, alimi, aphunzitsi ndi amakaniko, amene ali ndi tindege tawotawo, ndipo ena mwa iwo amasankha dala kugula ndege imene inapangidwa iwo asanabadwe. Mwezi uno tikambirana za ndege imodzi yotere, kuti awerengi athu aone katundu amene munthu amasenza akaigula.

Dzina lake ndi Piper J-3 Cub. Inkapangidwa ku Lock Haven, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, kuyambira 1938 kufikira 1947, ndipo zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 20,000. Zambiri zinkapakidwa utoto wachikasu. Thupi lake ndi timapaipi tachitsulo towotchereredwa pamodzi, ndipo pamwamba pake anakutapo nsalu, inde nsalu, yolimbitsidwa ndi mankhwala onga utoto. Imanyamula anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo woyendetsa akakhala yekha amakhala pa mpando wa kumbuyo kuti kulemera kulingane. Thanki yake imalowa malita 45 a petulo, ndipo liwiro lake ndi makilomita ngati 120 pa ola, kotero kuti mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, magalimoto a pa msewu amatha kuipitirira.

Monga inatulukira ku fakitale, ilibe batire kapena kiyi wolizira injini. Munthu amaima kutsogolo, nagwira pulopela ndi manja, naipukusa mwamphamvu, kenaka nafutuka msanga. Ena anavulala pa ntchito imeneyi, ndipo ndege zina zinathawa zokha popanda munthu m'kati chifukwa mwini anaiwala kumanga mchira kapena kuika zopinga ku matayala. Chosonyeza kuchuluka kwa petulo ndi kawaya kobayidwa pa chinthu choyandama m'thanki. Kawayako kakamira, mafuta atha.

Tsono wofuna kugula amayamba wakopeka ndi maonekedwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndege iyi ikaima, mchira wake umakhala pansi, motero madzi a mvula ndi chinyezi zimatsikira kumeneko, ndipo timapaipi ta kumchira timadyedwa ndi dzimbiri kuyambira m'kati, nsalu yonyezimira itabisa zonse. Zitsulo zochirikiza mapiko nazonso zimachita dzimbiri mosaoneka, kufikira kuti boma la America linalamula kuti ziziyesedwa nthawi ndi nthawi kapena kusinthidwa. Nsalu yakale ya thonje inkafumbwa ndi dzuwa pa zaka zowerengeka; ya masiku ano imakhalitsa, koma kukuta ndege yonse mwatsopano ndi ntchito ya miyezi. Wogula wanzeru amabwera ndi makaniko wakewake, osati wa mwini malonda.

Koma chimene ife tikuchiona chachikulu koposa ndi mabuku. Ndege iliyonse ili ndi mabuku a mbiri yake, lina la thupi, lina la injini, m'mene amalembamo maola amene yauluka ndi chilichonse chimene chinakonzedwa, ndipo wokonzayo amasainira dzina lake. Ndege ya zaka zoposa 75 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene wogula sadzawaona, ena anamwalira kalekale. Ngati mmodzi wa iwo anaigwetsa nakonza phiko mobisa osalemba, bodza lakelo limakhalabe m'phikomo kudikira tsiku la mphepo. Nchifukwa chake ndege yosowa mabuku imatsika mtengo kwambiri ngakhale ioneke yokongola. Munthu akamakwera m'mwamba ndi mwana wake, amakhala atatsamira pa kukhulupirika kwa alendo amene anagwira cholembera zaka zambiri zapitazo.

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Ku America lamulo limati ndege iyesedwe yonse ndi katswiri wovomerezeka chaka chilichonse, kaya yauluka kaya sinauluke. Injini yake yodziwika, Continental A-65, opanga ake amalangiza kuti iphwasulidwe ndi kukonzedwa yonse ikakwanitsa maola 1,800. Kuisunga osaiulutsa sikupulumutsa ndalama, pakuti injini yongokhala imachita dzimbiri m'kati. Onjezanipo lendi ya shedi yoisungiramo, inshuwalansi ndi petulo wa ndege amene ndi wodula kuposa wa galimoto. Bambo amene agula chinthu chotere osakhala pansi ndi mayi wa kunyumba kuwerengera zonsezi akufanana ndi womanga nsanja uja wa m'fanizo la Ambuye, ndipo fizi ya ana ndiyo imayamba kuvutika. Ena amapeputsa katunduyu pogula ndege imodzi anthu atatu kapena anayi.

Kuiulutsa m'mwamba nkosavuta, akutero oidziwa. Vuto lili pansi. Popeza kagudumu kachitatu kali kumchira, ndegeyi ikamatera imafuna kutembenuka mchira kutsogolo, ndipo mapazi a woyendetsa akachedwa pang'ono imazungulira ngati kamvulumvulu nkuthyola phiko. Kulemera kwake konse, pamodzi ndi anthu ndi mafuta, sikuyenera kupitirira makilogalamu 550, choncho amuna awiri onenepa ndi thanki yodzaza afika kale pa malire. Pa malo okwera mpweya umapepuka ndipo injini imafooka: ku Johannesburg, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu yake, ndipo masana otentha imafuna bwalo lalitali kuti inyamuke.

Wina angafunse kuti nkhani yotere ikufunanji m'magazini ya mpingo. Tiyankha kuti ntchito ya Uthenga Wabwino inayendapo pa mapiko a nsalu ngati amenewa. Bungwe limene lero likutchedwa Mission Aviation Fellowship linayamba maulendo ake mu 1946 ndi ndege yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu wa Waco, yopangidwa mu 1933. Mayi Betty Greene ndiwo anaiulutsa kuchokera ku California kunka ku Mexico, atanyamula antchito awiri a bungwe lomasulira Baibulo. Ndegeyo itawonongeka pa kabwalo ka kumudzi, anatuma mnyamata wina makaniko, Nate Saint, kuti akaikonze komweko.

Nate Saint yemweyo pambuyo pake anakatumikira ku Ecuador ndi Piper PA-14 yachikasu, mbale wake wa Cub wa mipando inayi. Ndi ndege imeneyi anatera pa mchenga wa mtsinje wa Curaray kuti akakumane ndi anthu a mtundu wa Waodani, ndipo pa 8 January 1956 iye ndi anzake anayi anaphedwa ndi mikondo pamalo pomwepo. Nsalu ya ndegeyo inang'ambidwa, ndipo mtsinje unakwirira zotsala. Mu 1994 mafupa ake achitsulo anapezeka mu mchenga, ndipo anawatengera ku likulu la bungweli, limene tsopano lili ku Nampa, m'chigawo cha Idaho.