Doko la ku Cape Town Silitiposa

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Cape Town, anatisonkhanitsa pakhonde n'kutionetsa zithunzi za m'foni mwake. Zinali za padoko la Waterfront: mabanja akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa madzi, phiri la Table Mountain lili kumbuyo kwawo. Kenaka anati, "Alamu, kuno ku Ntcheu anthu sadziwa kupita kokayenda. Munthu akatuluka pakhomo ndiye kuti kwagwa maliro kapena akupita kuchigayo."

Mawu amenewa anandipweteka, ndipo mpaka lero sindikuwavomera.

Dokolo ndi lokongola, sindikukana. Mpomwe amakwererapo maboti opita ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Koma anthu a m'zithunzizo amangodutsana osapatsana moni. Aliyense wagwira foni yake, akudzijambula yekha, ndipo mpando uliwonse wabwino ukufuna ndalama.

Ifetu timayenda. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, banja lonse limatsata msewu wa M1, umene m'madera ena ndiwo malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Pa Lizulu mwana amangooloka tala kukagula zinthu kutsidya, n'kubwerera akudzitama kuti wafika kunja. Ulendo waufupi umatha masana onse, chifukwa apa muima kufunsa za odwala, apo azakhali akukakamizani kulowa m'nyumba kuti mumweko thobwa. Pobwerera mayi asenza kachewere ndi kabichi, bambo abereka wamng'ono paphewa. Kodi kumeneku si kuyenda?

Za zithunzi ndiye musanene. Mafoni asanabwere tinali ndi ojambula oyenda panjinga, kamera ili pakhosi. Pa Khirisimasi ana ankadzola mafuta mpaka kunyezimira, achimwene ankabwereka wailesi kuti aoneke nayo m'manja, agogo ankakhala pampando pakati atavala chilundu chawo chatsopano. Tinkadikira masabata kuti khadi litsukidwe, ndipo likafika linkazungulira mudzi wonse lisanapachikidwe pakhoma. Lero pitani ku Umhlangano wa Angoni a Maseko kwa Nkolimbo mukaone zidzukulu zikujambulitsa ndi agogo awo atanyamula zishango za ngoma. Chithunzi choterocho chimauza mwana kumene anachokera.

Ngati nkhani ndi doko, nalonso tili nalo pafupi. Mukatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa, kukakhala kopanda chifunga nyanja imaonekera patali musanafike n'komwe pa Golomoti. Kutsogoloko ndi ku Monkey Bay, kwawo kwa Ilala, sitima imene zipangizo zake zinachokera ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Imanyamula anthu a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, matumba a ufa, malata, njinga. Pamenepo woyenda ndi wogwira ntchito amacheza limodzi, ndipo msodzi amakuitanani kuti muone usipa umene wayanika pathandala.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ana ambiri a ku Tsangano ndi kwa Kampepuza amakula mpaka kukwatira osaiona nyanjayi, pamene mayina a madoko a eni akuwadziwa kudzera m'mafoni. Makolo anzanga, mukagulitsa kachewere chaka chino, patulaniko ya thiransipoti. Tengani ana mutsike nawo Khwekhwerere, akaione Ilala ndi maso awo, muwajambule, ndipo chithunzicho mukachitsukitse.