Mlendo Akadzafunsira Mbeta

Abale athu a m'midzi, masiku ano ngakhale pa kamsika kakang'ono simulephera kupeza kanyumba koonetseramo kanema, ndipo ana athu ambiri ali kuonera zithunzi zoyenda pa lamya za m'manja zomwe. Mwa zithunzi zimenezi zambiri ndi nthano za chikondi, ndipo zina zichokera kutali ku zilumba za Philippines, dziko la ku Asia limene anthu ake ochuluka ndi Akatolika, pakuti Misa inayamba kuchitika kumeneko kale m'chaka cha 1521.

Kanema wina wa kumeneko, dzina lake Under Parallel Skies, anatuluka m'chaka cha 2024, ndipo anamkonza ndi mai Sigrid Andrea Bernardo. Nkhani yake ndi iyi. Mnyamata wa ku Thailand, dzina lake Parin, afika mu mzinda wa Hong Kong kudzafunafuna amake amene anasowa. Kumeneko akomana ndi Iris, namwali wa ku Philippines wogwira nchito m'hotela. Onse awiri ndi alendo m'dziko la eni, wina sadziwa bwino chinenero cha mnzake, nalankhulana m'Chingelezi, ndipo pang'ono pang'ono ayamba kukondana. Amene asewera mbali zimenezi ndi Win Metawin ndi Janella Salvador. Nthano yake ndi yokoma, ndipo sitiinyoza ai, pakuti mtima wa munthu sufunsa mtundu. Koma m'nthano zotere kawirikawiri anthu akondana kutali ndi kwao, kumene kulibe malume wofunsa kuti kwanu nkuti, mfunda wanu ndani, ndipo ana akabadwa adzakhala a yani.

Tsono Hong Kong wa ife ndi Lilongwe. Ku Hong Kong kuli akazi a ku Philippines oposa 100,000 ogwira nchito za m'nyumba za anthu, ndipo tsiku Lamulungu asonkhana m'misewu ya pakati pa mzinda, nakhala pa makatoni, kudya pamodzi ndi kukamba za kumudzi. Kodi ana athu a ku Dowa, ku Dedza ndi ku Mchinji satero? Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe, mzindawu uli ndi nkhope ziwiri. Ku Old Town kuli msika waukulu, mabasi, fumbi ndi masitolo a Amwenye. Kumpoto kwake kuli City Centre ndi Capital Hill, ndipo pafupi pake pali Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene nyumba zili m'mipanda yaitali ndi mitengo yamthunzi, ndipo mukhala akazembe, akulu a mabungwe othandiza ndi amalonda a maiko ambiri. M'mawa uliwonse anthu a ku Kauma ndi ku Mtandire alowa m'mipanda yotere kukaphika, kukalera ana ndi kukathirira maluwa. Ena amene anaphunzira akhala pa tebulo limodzi ndi alendowo m'maofesi. Pamene anthu aonana tsiku ndi tsiku, chikondi sichilephera kumera, china choona, china cha njala.

Mwana wa dziko lino, bambo Shemu Joyah, anaonetsa mbali yowawa ya nkhaniyi m'kanema wake wa m'chaka cha 2012, The Last Fishing Boat. Iye anaika nthano yake m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Msodzi wina, Yusufu, anali wopeza bwino kale, koma nsomba zachepa m'nyanja. Mwana wake Mustafa wasiya ukonde nayamba kutsata alendo odzaona nyanja. Ndipo mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, akopedwa ndi Mzungu wodzacheza, dzina lake Richard, amene ali ndi ndalama zambiri. Hope Chisanu ndi Flora Suya ndiwo anasewera msodziyo ndi mkazi wake. Ife tiyesa kuti kanema ameneyu anena za kwathu moona koposa wa ku Hong Kong uja, chifukwa m'menemo anthu awiriwo salingana. Wina ali ndi chitupa cha ndege m'thumba, winayo alibe ngakhale ndiwo za madzulo. Pamene zinthu zili chotero, nkovuta kudziwa ngati mau akuti inde achokera mu mtima kapena m'mimba.

Komatu tisayese kuti ukwati wa mitundu iwiri ndi chinthu chachilendo pakati pathu. Agogo athu amene anapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ambiri anakwatira konko akazi a Chishona ndi a mitundu ina, ena nabwera nao kumudzi, ena nachona, ndipo zidzukulu zao zilipo ku Harare kufikira lero. Ndiponso mbiri ikumbukira Seretse Khama, mwana wa mfumu ya Abamangwato ku Bechuanaland, amene anakwatira Ruth Williams, namwali wa Chingelezi, ku London m'chaka cha 1948. Mbale wa atate ake, Tshekedi, anakana. Boma la Angelezi linamtsekera kunja kwa dziko lake kufikira 1956. Koma ukwatiwo sunagwedezeke, ndipo m'chaka cha 1966 iye anakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana. Chimene tifuna kuti muone ndi ichi: Seretse sanabise mkazi wake. Anaima pa bwalo ku Serowe pamaso pa anthu a mtundu wake, nayankha mafunso ao, kufikira mu 1949 iwo anavomera.

Vuto lalikulu kwa ife Achewa lili pa mwambo wathu. Kwathu mwamuna alowa chikamwini, ana ndi a mbumba ya mai, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mlendo wochokera ku Ulaya, ku India kapena ku China sadziwa zimenezi. Iye ayesa kuti ana adzatenga dzina lake, nadzapita naye kwao. Ngakhale Mngoni wa ku Mzimba amene apereka ng'ombe za lobola asiyana nafe pa mfundo yomweyi, ndipo makolo ayamba akambirana ukwati usanachitike. Nanga kuli bwanji munthu wa kutsidya kwa nyanja? Mau amenewa akapanda kukambidwa poyamba, adzakambidwa ndi misozi pa bwalo la ndege la Kamuzu.

Lamulo la boma lilinso ndi mau ake. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linaika zaka 18 kuti ndizo zoyambira banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo lalikulu la dziko kuti ligwirizane nalo. Kale munthu wamkulu sanali kuloledwa kukhala nzika ya maiko awiri, kotero wokwatiwa kunja anali kusankha pakati pa dziko la makolo ake ndi la mwamuna wake. Koma mu 2018 aphungu anavomereza unzika wa maiko awiri. Chinanso choyenera kufunsitsa ndi chakuti mlendoyo sanasiye banja kwao. Tinene za ku Philippines komweko: kumeneko boma silipereka chisudzulo, kupatula kwa Asilamu, chotero munthu wonena kuti analekana ndi mkazi wake angathe kukhala wokwatira ndithu pamaso pa lamulo. Ndipo mwana wanu akafuna kumanga ukwati ndi munthu wosabatizidwa, Eklezia satseka khomo, koma pafunika chilolezo cha Ambuye Episkopi, chimene Bambo Mfumu wa parishi apempha, Mkatolikayo atalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuyesetsa kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'menemo.

Akulu anati mlendo ndi mame. Sitinena kuti mlendo aliyense adzakamuka dzuwa likatuluka, pakuti mu Lilongwe momwemo muli mabanja a mitundu iwiri amene akalamba pamodzi, ndipo mkamwini wachilendo adya nsima ndi manja, nagona pa maliro monga mwana wa pamudzi. Koma alendo ambiri a m'mipanda ija adza pa pangano la nchito la zaka zowerengeka. Pa chinkhoswe, pamene ankhoswe apatsana tambala ndi msoti, mbali ya mkazi iimiridwa ndi malume amene mudziwa munda wake ndi manda a makolo ake. Mbali ya mlendoyo kawirikawiri iimiridwa ndi mnzake wa ku nchito, amene wabwereka nkhukuyo m'mawa momwemo, ndipo sadziwa kuti kugwira tambalayo ndiko kuvomera kudzaitanidwa usiku pa matenda, pa ndeu ndi pa imfa. Pangano la nchito likatha, nkhoswe ameneyo akwera ndege, nthawi zina mwezi womwewo ndi mkamwini.