Ulendo Wautali pa Basi: Wokwera Ali ndi Mbali Yache

Nyengo ya misika ikafika, anthu atagulitsa fodya, mtedza ndi chimanga, mabasi a maulendo atali-atali amadzaza kwambiri. Ena apita kukaona abale ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ena atsata nchito kufikira ku Johannesburg. Ambiri aganiza kuti munthu akagula tikiti nakhala pa mpando, zonse zatsala m'manja mwa dalaivala. Si tero ai. Ngozi zambiri za mabasi zichokera ku zinthu zitatu, katundu, liwiro ndi tulo, ndipo pa zonsezi wokwera ali ndi mbali yache.

Katundu

Basi iri yonse inapangidwa kuti inyamule anthu owerengeka ndi katundu wa muyeso wache. Matumba a chimanga akachuluka, makamaka pamwamba, basi imayepa pokhota ndipo ikhoza kugubuduzika.

Bvuto lina liri pa mabuleki. Pa mseu wa M1, kuchokera ku Mzuzu kunka ku Karonga, pali chitsetso chachitali cha Chiweta chotsikira ku nyanja. Pamalo potere dalaivala wodziwa nchito aika giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ithandize kugwira basi. Akadalira mabuleki okha, amatentha, ndipo mabuleki otentha sagwira bwino. Basi yolemedwa iwatenthetsa msanga koposa. Chotero munthu amene anyengerera kondakitala kuti amkwezere matumba ena basi itadzaza kale, aika pa ngozi moyo wache ndi wa anzache. Katundu asatseke njira ya pakati kapena khomo, pakuti moto ukabuka anthu atulukira pomwepo.

Liwiro

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene basi isowa kuti mabuleki ayiimitse uwirikiza kanai. Ndicho chifukwa chache basi yothamanga siitha kupewa ng'ombe, njinga kapena mwana wodumpha mseu pa msika. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndipo okwera ena amadandaula kuti dalaivala achedwetsa, ena kumchemerera akapitirira basi inzache pokhota. Anthu otere amkankhira ku imfa.

Tulo

Basi yoyenda makilomita 80 pa ora ipita mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akasinza masekondi 3 okha, basi yayenda mamita 66 yopanda woiwongolera. Tulo tivuta kwambiri pakati pa usiku ndi mbandakucha, pamene okwera onse agona.

Ulendo wa ku Johannesburg, wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, utenga koposa usana ndi usiku wathunthu. Munthu mmodzi sangayendetse njira yonseyo osapumula. Wokwera asanalipire ndalama zache afunse ngati basiyo iri ndi madalaivala awiri osinthana.

Zimene wokwera angachite

Asanakwere ayang'ane matayala; ngati ali osalala kapena ong'aluka, kuli bwino kudikira basi yina. Ngati mpando uli ndi lamba, amange, chifukwa lamba aletsa munthu kuponyedwa kunja basi ikagwa. Ana asatulutse mitu kapena manja pa zenera, ndipo munthu asatsike basi isanaimiretu. Kukwera ndi petulo m'zigubu n'koopsa kwa onse.

Akaona dalaivala akumwa mowa, akulankhula pa foni ali pa chiwongolero, akusinza, kapena akuthamanga mopitirira, wokwera alankhule mwaulemu koma mosaopa, ndipo anzache amthandize. Dalaivala akapanda kumva, auze apolisi pa rodibuloko yoyamba. Ena achita manyazi poopa kunenedwa kuti ngovuta, koma manyazi otere asiya ana amasiye m'midzi yambiri. Kuthamanga si kufika ai, ndipo abale odikira pa depoti akondwa kulandira mlendo wochedwa koma wamoyo.