Momwe Njira Zoyezera Magazi Pofufuza Ziwengo Zimatsimikizidwira

Ziwengo zimachitika pamene chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi chinthu chomwe kwa anthu ena sichivulaza, monga mtedza, mazira, mkaka, nsomba, mungu, fumbi la m'nyumba kapena ululu wa njuchi. Ena amangoyabwa khungu ndi kutupa, ena amabanika, ndipo pena munthu amatha kumwalira m'kanthawi kochepa. Pofufuza gwero la vutoli, madokotala amayeza m'magazi kuchuluka kwa tizinthu toteteza thupi totchedwa IgE.

IgE inadziwika m'zaka za 1966 ndi 1967 kudzera mu kafukufuku wa Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver, ku America, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala, ku Sweden. Njira yoyamba yoyezera IgE yolimbana ndi chinthu chimodzi, yotchedwa RAST, inayambanso ku Uppsala mu 1967. Makina a masiku ano ndi osiyana ndi akalewo, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Labotale isanayambe kupereka zotsatira kwa odwala, iyenera kutsimikizira njira yake. Choyamba, magazi amodzi omwewo amayezedwa kangapo, masiku osiyanasiyana, kuti zioneke ngati zotsatira zikufanana. Chachiwiri, makina amakonzedwa motsatira muyezo wa IgE wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Chachitatu, pamafunika kudziwa mlingo wochepetsetsa umene makinawo angauone. Kwa zaka zambiri malire anali 0.35 kU/L, koma makina atsopano amafika pa 0.1 kU/L. Chachinayi, zotsatira zimayerekezedwa ndi zomwe zimachitikadi kwa odwala, kuti zidziwike kuti njirayo ikupeza angati mwa anthu odwaladi, ndiponso ikunamizira angati mwa anthu abwinobwino.

Ntchitoyi siithera pomwepo. Tsiku lililonse la ntchito, labotale imayeza kaye magazi omwe zotsatira zake n'zodziwika kale. Imalandiranso magazi oyeserera kuchokera ku mabungwe ena, n'kuyerekeza mayankho ake ndi a malabotale anzake. Zonsezi zili m'ndondomeko ya ISO 15189. Bungwe la SADCAS, lomwe likulu lake lili ku Gaborone, ku Botswana, limavomereza malabotale a m'mayiko angapo a SADC, kuphatikizapo Malawi, motsatira ndondomekoyi.

Ngakhale njira itatsimikizidwa, kupezeka kwa IgE pakokha sikutanthauza kuti munthu akudwala. Pali anthu amene magazi awo amaonetsa IgE ya mtedza koma amadya mtedzawo popanda vuto. Njoka za m'mimba ndi likodzo zimakweza IgE yonse m'magazi ngakhale munthu alibe ziwengo, ndipo mfundoyi ndi yofunika kwambiri kumadera komwe matendawa ndi ofala. N'chifukwa chake dokotala amayamba wamva mbiri ya wodwala. Pakakhala chikayiko pa chakudya, wodwala amapatsidwa chakudyacho pang'onopang'ono m'chipatala, pamaso pa ogwira ntchito zachipatala, osati kunyumba.

Pofuna kuona ngati ziwengo zikutha, monga zimachitikira kwa ana ambiri omwe thupi lawo limadana ndi mkaka kapena mazira, ndi bwino kuyezetsa ku labotale imodzimodziyo. Makina a makampani osiyana amatha kupereka manambala osiyana pa magazi omwewo. Munthu akabanika kapena kukomoka mwadzidzidzi, chithandizo chimayamba kaye, kenako magazi amatengedwa pasanathe maola ochepa kuti ayezedwe chinthu chotchedwa tryptase, ndipo amayezedwanso pakadutsa maola 24 munthuyo atachira.

Zotsatira zolakwika zili ndi mavuto ake. Mwana akhoza kuletsedwa mtedza, mazira kapena nsomba popanda chifukwa, n'kuyamba kunyentchera. Mlimi woweta njuchi akhoza kuuzidwa kuti alibe vuto pamene moyo wake uli pachiswe.

Choncho anthu akulangizidwa kuyezetsa pokhapokha dokotala atalamula, kufunsa ngati labotaleyo ndi yovomerezeka, ndiponso kusamala ndi amalonda amene amati akhoza kuyeza zakudya zambirimbiri nthawi imodzi pogwiritsa ntchito IgG kapena tsitsi, chifukwa njira zimenezi sizinatsimikizidwe kuti zimapeza ziwengo. Aliyense amene watupa milomo, lilime kapena pakhosi, kapena akulephera kupuma atadya chakudya kapena atalumidwa ndi njuchi, athamangire naye ku chipatala msanga osadikira zotsatira za magazi.